Malikisi a Apongozi

Aphunzitsi ambiri pakoleji paja ankaitukwana sisitimu yochongera ntchito za ophunzira pa intaneti, koma Madamu ankaikonda ndipo sankabisa. Anzake ankadandaula kuti imachedwa kutseguka, kuti imakana pasiwedi popanda chifukwa, kuti ikuwathera maso. Iye ankawayankha kuti amene akulirira mapepala abwerere kukasenza mitolo ija m'basi mvula ikugwa, kenako adzalankhulenso.

Koma chenicheni chomwe ankaikondera chinali chakuti inkabisa mayina. Wophunzira akatumiza ntchito yake, kwa mphunzitsi kunkangofika nambala. Madamu ankawerenga, n'kudina timabokosi ta mfundo zomwe wophunzirayo wakwanitsa, kompyuta n'kuwonkhetsa yokha malikisi. Mayina ankaonekera pokhapokha akadina batani lotulutsira zotsatira, ndipo likadinidwa limenelo ndiye kuti madzi atayika, saolekanso. Kale, nthawi ya mapepala, pakhomo pa ofesi yake sipankatha anthu. Uyu akuti ndi mwana wa mlamu wa mnzake wa kutchalitchi, uyo akuti amayi ake anaphunzira ndi Madamu kalasi imodzi. Masiku ano ankangotambasula manja n'kunena kuti ngakhale iye sadziwa kuti akuchonga za yani, ndipo zinali zoona.

Teremu imeneyi kubisa mayinako ankakufuna kuposa kale, chifukwa m'kalasi mwake munali apongozi ake aamuna.

Anthu ankawatchula kuti a Makiyi, dzina lomwe anawapatsa anzawo a kuntchito chifukwa cha mulu wa makiyi womwe unkalira pa lamba wawo. Anasunga katundu pa kampani ina ya zomangamanga mpaka imvi zinadzaza mutu, koma pepala la sukulu analibe. Anyamata omwe iwo anawaphunzitsa kusanja matumba ankapita kukatenga masatifiketi, n'kubwera kudzawalamula. Atapuma pa ntchito, akazi awo anamwalira, ndipo mwana wawo, yemwe ndi mwamuna wa Madamu, anawatenga kudzakhala nawo. Anafika ndi sutikesi imodzi ndi wailesi yomwe sankayatsa. Ankakhala pa mpando wa pawindo kuyambira m'mawa, ndevu osameta, tiyi n'kumazizirira m'manja. Madamu ankachita mantha akawayang'ana, chifukwa anali ataonapo anthu akuchoka m'dziko mwanjira imeneyi, pang'onopang'ono, opanda matenda omwe dokotala angatchule.

Tsiku lina a Makiyi anaima kumbuyo kwa Madamu iye akukonza phunziro pa laputopu, ndipo anawerenga mutu wake mokweza: kasungidwe ka katundu.

"Zimenezi amaphunzitsa kusukulu?" anafunsa.

"Amaphunzitsa, bambo. Ngakhale anthu ali kunyumba kwawo, amaphunzira pa intaneti."

"Pamapeto pake amapereka pepala?"

"Amapereka."

Sabata yomweyo analembetsa. Madamu anathamangira kwa mkulu wa nthambi kukanena kuti iye sangachonge ntchito za bambo a mwamuna wake. Mkuluyo anamuyankha kuti wodziwa phunzirolo pakoleji ndi iye yekha, kuti sisitimu imabisa mayina, ndipo kuti potuluka atseke chitseko.

Kunyumba zinthu zinasintha moti ngakhale oyandikana nawo anaona. Ndevu zinachoka. A Makiyi ankasita malaya, kumanga mabatani mpaka pakhosi, n'cholinga chongokakhala pa tebulo la m'chipinda chodyera kutsogolo kwa laputopu yakale yomwe mwana wawo anawapezera. Ankalemba ndi chala chimodzi, kuchikweza m'mwamba kaye ngati akufuna kupha nyerere. Loweruka lililonse ankapita kulaibulale kukakumana ndi gulu la anzawo a m'kalasi, ambiri a iwo ana oti angakhale adzukulu awo. Lamulo anaika okha: za sukulu m'nyumba muno sizikambidwa. Madamu akadutsa pafupi, ankatsitsa chivindikiro cha laputopu mwaulemu, n'kudikira kuti apite.

Ntchito ya pakati pa chaka ndiyo inali mlatho. Woikhoza ankawolokera ku gawo lachiwiri la maphunziro. Woilephera ankadikira chaka chamawa kuti ayambirenso pachiyambi. Ndipo Madamu anali atawamva apongozi ake, iye akutsuka mbale, akuuza mwana wawo pakhonde kuti, "Ndikalephera iyi, basi. Sindibwereza. Mutu wa nkhalamba saufinya kawiri."

Lachitatu m'mawa, ali mu ofesi yomwe ankagawana ndi mphunzitsi wa masamu, Madamu anali atatsala pang'ono kumaliza kuchonga. Funso linali losavuta: fotokozani chifukwa chake katundu woyamba kulowa ayenera kukhala woyamba kutuluka. Linali ndi magawo anayi, ndipo lomaliza linkafuna chitsanzo cha zochitika zenizeni. Malikisi okhozera anali 50. Ntchito inkayenda bwino, mtima uli m'malo, mpaka anatsegula ya nambala yotsatira n'kuwerenga ndime yoyamba.

"Pa kampani ina ya zomangamanga, otsitsa katundu ankaunjika matumba atsopano a simenti kutsogolo, akale n'kumatsalira kumbuyo, kukhoma lomwe linkadontha. Tsiku lomwe anafika pa matumba akalewo anapeza asanduka miyala. Manijala atapsa mtima anamenya thumba limodzi ndi phazi, chala chachikulu n'kuthyoka. Anabweretsa nyundo. Nyundo inathyoka mpini, simenti ili phee."

Madamu anachotsa dzanja pa mausi.

Nkhani imeneyi ankaidziwa ngati dzina lake. Anaimva tsiku loyamba lomwe anakaonekera kwa makolo a mwamuna wake. Anaimvanso pa ukwati wake, pa mzere wa kuchipatala, ndi tsiku lomwe munthu wowerenga mita ya madzi analakwitsa kufunsa kuti, "Kodi madala munkagwira ntchito yanji?" Mawu omalizawo, a nyundo ndi mpini, a Makiyi ankawanena atakweza chala, kenako n'kuyamba okha kuseka. Nkhaniyo inasowa pakamwa pawo nthawi ya maliro a akazi awo, ndipo inabwerera sukulu itayamba.

Anawerenga mpaka kumapeto, akupemphera kuti zina zikubwera. Sizinabwere. Nkhani ya simenti inadya masamba onse. Munali dzina la galu wa mlonda, munali mtundu wa nsapato ya manijala, koma munalibe kasanjidwe ka mashelefu, munalibe kalembedwe ka masiku pa katundu, munalibe zochita ndi katundu wowonongeka. Anadina timabokosi mosamala ngati akuyenda pa magalasi osweka, ndipo kompyuta, yomwe ilibe apongozi, inawonkhetsa 38.

Anawerenganso kachiwiri, akufufuza mfundo yomwe mwina yabisala pakati pa nthabwala. Anapeza theka la mfundo, lomwe anali atalipatsa kale malikisi. Anatseka laputopu, natenga chikwama, n'kuuza mphunzitsi wa masamu kuti akupita kukawongola miyendo.

Mwamuna wake ankakonza mafiriji m'kachipinda ka m'mbali mwa msewu, pakati pa telala ndi wogulitsa matayala. Mafiriji opanda zitseko anali ndandanda panja, ndipo m'kati munkanunkha utoto ndi waya wopsa. Anamupeza atagona chagada pa katoni, mutu uli kuseri kwa firiji ya munthu wina.

"Kwagwanji masana ano?" anafunsa atazindikira nsapato za mkazi wake.

"Ndimangodutsa."

"Kuchokera kukoleji kupita kuti, kuti udutsire kuno?"

Madamu anakhala pa kreti yovundikira. "Nkhani ya simenti ija," anatero, n'kulekera pomwepo.

"Nyundo inathyoka mpini," mwamunayo anamalizitsa akuseka. Kenako anatulutsa mutu, naona nkhope ya mkazi wake, ndipo kuseka kunathera panjira. "Usandiuze kuti madala alemba imeneyo."

"Sindinakuuze kanthu. Sindiloledwa."

"Afika pa malikisi?"

Madamu anayang'ana firiji.

Mwamunayo anadzuka, napukuta manja pa kansanza komwe kanali kakuda kuposa manjawo. "Apa ndiye khoswe wakhala pamkhate," anatero. "Tamvera. Ungowonjezerapo pang'ono. Ndani angadziwe? Kompyuta ilibe pakamwa."

"Ili napo. Imasunga chilichonse chomwe ndadina. Koma ngakhale ikanakhala yosalankhula, alipo ena omwe alephera ndi malikisi ngati omwewo. Iwo alibe mpongozi pakoleji. Nditani nawo?"

"Akweze onse."

"Ndiye tingotseka sukulu, masatifiketi tizigulitsira pano pamodzi ndi mafiriji."

Mwamunayo sanaseke. Anatola sipanala, naitembenuza, naibweza pomwe inali. "Ine ndikungoopa mpando wa pawindo uja," anatero motsitsa mawu.

"Nanenso ndikuopa womwewo."

Madzulo a tsikulo a Makiyi anali osangalala moti zinkapweteka kuwaona. Anayala okha tebulo. Anafotokoza momwe anakonzera shelefu ya m'khitchini, mchere wakale kutsogolo, watsopano kumbuyo. Za sukulu sanafunse kanthu, monga mwa lamulo lawo, koma popereka mbale anati, "Mayi, simukudya. Ntchito yachuluka?" Madamu anavomera kuti yachuluka. Chakudya sanachikhudze, ndipo mwamuna wake ankangoyang'ana m'mbale ngati wotaya singano.

Lachinayi ndilo linali tsiku lotulutsa zotsatira. Madamu anafika mu ofesi m'mawa, woyeretsa asanamalize kukolopa. Anatsegula ntchito ija. Bokosi la kasanjidwe ka mashelefu linali pomwepo, lopanda kanthu. Kungolidina kamodzi, 38 akanasanduka nambala yowolokera. Anaika kamuvi ka mausi pamenepo ndipo anakasiya nthawi yaitali. Ankawaona apongozi ake atamanga mabatani mpaka pakhosi. Ankaonanso nkhope zosadziwika za ena aja, omwe palibe amene anawaikira kamuvi pa bokosi lililonse. Anachita manyazi, ndipo anakachotsa.

Chomwe chinatsala chinali ndemanga. Nthawi zonse ndemanga za Madamu zinkakhala zazifupi ndi zolasa, moti ophunzira ankazitumizirana pa foni n'kumaseka wolasidwayo. Iyi anailemba, kuifafaniza, kuilembanso, mpaka inatuluka yaitali kuposa zonse zomwe analembapo pa ntchito yake.

"Bambo, nkhani yanu ya simenti ndi chitsanzo chabwino kuposa zonse m'kalasi lino, ndipo mwalandira malikisi onse a gawo limenelo. Koma funso linali ndi magawo anayi, ndipo atatu sanayankhidwe. Sindikanatha kupereka malikisi pa zomwe sizinalembedwe. Chonde musataye mtima. Pa msinkhu wanu, kubwerera kusukulu ndi kulimba mtima komwe achinyamata ambiri alibe. Chaka chamawa khomo lidzakhala lotsegula, ndipo ine ndidzakondwa kukuonaninso."

Kenako anadina batani lotulutsira zotsatira. Sisitimu inafunsa ngati watsimikiza, monga ichitira nthawi zonse, ngati kuti ili ndi chifundo. Anavomera. Kagudumu kanazungulira, tsamba linayera, ndipo manambala onse anasanduka mayina, lililonse ndi kachithunzi kake pambali.

Anatsika ndi maso mpaka pa 38 uja.

Dzina silinali la apongozi ake. Pa kachithunzi panali mnyamata wovala kapusi, akumwetulira ali m'kati mwa lole, chiwongolero chikuonekera pakona.

Madamu anayandikitsa nkhope ku kompyuta. Anaganiza kuti mwina sisitimu yasokoneza mizere, nalitsekulanso tsambalo. Mnyamata wa kapusi anabwereranso, akumwetulirabe. Anafufuza dzina la apongozi ake. Analipeza cham'munsi, pambali pa chithunzi chomwe anajambulitsa atavala tayi ya pa ukwati wa mwana wawo. Malikisi anali 64.

Anatulutsa mpweya womwe ankaona ngati wakhala akuusunga kuyambira dzulo lake. Mapewa anagwa okha. Anayamba kuseka, poyamba mwakachetechete, kenako mokweza, misozi n'kutulukira pomwepo, mpaka anagoneka mutu pa desiki. Mphunzitsi wa masamu, yemwe ankalowa kumene ndi kapu ya tiyi, anaima pakhomo.

"Sisitimu yakudyerani ntchito yonse, eti? Ndinanena ine kuti chinthu chimenechi chidzatiliza tsiku lina."

"Ayi, achimwene. Yachita bwino. Yachita bwino kwambiri."

"Ndiye mukuliranji?"

"Ndamaliza kuchonga."

Mphunzitsi wa masamuyo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anamuikira kapu yake ya tiyi patsogolo, nanena kuti iye akaphika ina.

Tiyi ameneyo anali ndi shuga wochuluka, wa mtundu womwe Madamu sankamwa, koma anamumaliza yense ndipo anamukoma. Njala yomwe inathawa dzulo inabwerera mwamphamvu. Anatuluka m'khonde n'kuimbira mwamuna wake.

"Awoloka," anatero.

"Wawawonjezera?"

"Sindinakhudze kanthu. Ya simenti ija sinali yawo."

Kumbali inayo kunamveka chitsulo chikugwa pa simenti. "Ndiye kuti nkhani ija yayamba kuyenda yokha," mwamunayo anatero pomaliza, mawu akunjenjemera ndi chimwemwe. "Ndikutseka msanga lero. Mwini firijiyi adikire, nyama yake inawonongeka kale."

Atabwerera pa desiki, Madamu anafuna kuona ntchito yomwe apongozi ake analemba, ntchito yomwe inadutsa m'manja mwake osaizindikira. Anaitsegula mtima uli mbee. Inali yolongosoka, mfundo iliyonse pa malo ake, ziganizo zazifupi ngati za m'buku. Anaikumbukira, anaichonga Lolemba masana, atatopa. Anatsika kuti aone ndemanga yomwe anailembera.

"Mfundo zilipo, koma ntchito yanu ndi youma. Mulibe chitsanzo ngakhale chimodzi. Zikuoneka kuti simunapondemo m'nyumba yosungiramo katundu. Pezani mpata mukacheze ndi anthu omwe anagwirapo ntchitoyi."

Anagwira pakamwa. Munthu yemwe mawondo ake anathera pa simenti ya nyumba yosungiramo katundu, iye anamuuza kuti akacheze ndi odziwa. Ndemanga inali itapita kale, ndipo mwina inali itawerengedwa. Manyazi anamutentha makutu, komabe ngakhale manyaziwo sanathe kumuchotsera kupepuka komwe kunali m'chifuwa. Munthu wokhoza ungamupepese. Wolephera ukanamuuza chiyani?

Anaganiziranso za mnyamata wa kapusi uja, ndipo apa mtima unamutsutsa pang'ono. Mawu ofewa aja anawalemba chifukwa ankaganiza kuti akulembera wake. Ena olephera anawapatsa mizere iwiriiwiri youma. Anatsegula bokosi la mauthenga, nawalembera aliyense payekha kuti abwere adzakambirane za chaka chamawa, ndipo anayesetsa kuti mawu ake akhale a munthu.

Anaweruka dzuwa likadalipo. Anatsika basi patali pang'ono kuti ayende pansi, napatsa moni ngakhale wogulitsa nyuzipepala yemwe anakangana naye mwezi wathawo. Pofika pakhomo anachepetsa liwiro, akukonza m'mutu mawu opepesera.

A Makiyi anali pa tebulo la m'chipinda chodyera, magalasi ali pamphuno, laputopu yotsegula, foni pambali. Ulendo uno sanatsitse chivindikiro.

"Aphunzitsi," anatero, "takhalani apa. Lero lamulo lija ndaliphwanya ndekha."

Madamu anakhala kumphepete kwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

A Makiyi anakonza kukhosi, nawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. "Zikuoneka kuti simunapondemo m'nyumba yosungiramo katundu." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pezani mpata mukacheze ndi anthu omwe anagwirapo ntchitoyi."

"Bambo, pepani. Sindinadziwe kuti..."

"Ndakhala ndikuganiza kuti ndikacheze ndi ndani. Omwe ndikuwadziwa ine, ena anamwalira, ena ndinawaphunzitsa ndine."

"Pepani kwambiri, bambo."

Nkhope ija, yomwe ankayesa kuiumitsa, inawakanika. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Madamu anaseka nawo, akuphimba maso ndi dzanja.

"Musapepese," anatero atapuma. "Ndi youmadi. Ndinaiumitsa dala. Mukuganiza kuti chitsanzo ndinalibe? Chala chinkachita kuyabwa kuti ndilembe za simenti ija. Koma ndinati, ndikangoilemba, mayi awa andizindikira pa mzere woyamba, ndiye ndawaika pa moto mwana wa eni. Ndinayesa kufuna chitsanzo china, koma chilichonse chomwe ndinakumbukira ndinapeza kuti ndinakuuzanipo kale pa tebulo pompano. Ndiye ndinati malikisi a gawo limenelo apite."

Madamu ankaganiza kuti ndi yekha amene ankasenza nkhawa m'nyumba muja, osadziwa kuti nkhalambayo inataya dala malikisi pofuna kumuteteza.

"Tsono pali zina," a Makiyi anapitiriza, akugogoda foni ndi chala. "Wandiimbira mnzanga wa pagulu lathu la kulaibulale, dalaivala wa lole. Mwana wabwino, koma kumva kwake n'kwa theka. Ndinawafotokozera onse pagulupo nkhani ya simenti Loweruka lina, iye n'kuikonda, n'kupempha kuti aigwiritse ntchito. Ndinati tenga, ine sindiifuna. Sindinadziwe kuti alemba yokhayo, n'kuiwala funso."

"Walephera," Madamu anatero motsitsa.

"Wandiuza. Koma sakulira ayi. Akuti chibadwire palibe mphunzitsi anamulemberapo mawu okoma chonchi, ndipo chaka chamawa abwereranso. Wandiwerengera ndemanga yonse pa foni." Anavula magalasi, nawaika pa tebulo. "Chamudabwitsa n'chimodzi. Akuti, kodi Madamu akuti pa msinkhu wanga, akundiyesa wa zaka zingati? Mnyamata woti sanakwatire n'komwe."

Madamu anayang'ana pansi.

"Ndemanga imeneyo munkalembera ine," a Makiyi anatero. Silinali funso.

"Eya, bambo."

"Munawerenga za simenti, n'kuganiza kuti ndi ine."

"Eya."

"Ndiye munandipatsa 38."

Anafuna kufotokoza za timabokosi, za magawo anayi, za ena omwe analephera. Anafuna kunena kuti dzulo lonse sanadye. Koma zonsezo zinaoneka ngati kudziikira kumbuyo, choncho anangoti, "Ndinakupatsani, bambo."

A Makiyi anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala chachikulu. Panja galimoto inadutsa. Madamu anadikira, osadziwa ngati wawakhumudwitsa.

"Kugulu kwathu kuja," anayamba, "ana aja amanong'onezana. Amati madala awa alibe nkhawa, mphunzitsi ndi mpongozi wawo. Ine ndimangokhala ngati sindikumva. Koma m'mawa uno nditaona 64, mtima sunakondwe ayi. Ndinati, mwina mwanayu wandizindikira ndithu, mwina kalembedwe kandiulula, wandimvera chisoni. Pepala lachifundo ine sindilifuna, mayi. Ndakhala moyo wanga wonse wopanda pepala. Lopatsidwa mondimvera chisoni likanandipweteka kuposa kusowa kwake. Ndinakhala pano kuyambira m'mawa, osadziwa kuti ndisangalale kapena ayi, mpaka foni ija inalira."

Anatenga kansalu m'thumba la malaya ngati akufuna kupukuta magalasi, koma anapukuta maso.

"Ngati munatha kundilepheretsa mukuganiza kuti ndi ine, ndiye kuti 64 ameneyu palibe wandipatsa. Ndi wanga."

"Ndi wanu, bambo. Yense."

"Zikomo chifukwa cha 38 uja, mwananga."

A Makiyi anabwezera magalasi pamphuno, nakokera laputopu pafupi, n'kuitembenuza pang'ono kuti nayenso aone.

"Tsono ndisonyezeni," anatero. "Gawo lachiwirili amalowera pati?"